Asiye Amuna Ako Aonde

Kawale, Lilongwe
Lamlungu masana

Temwa mwana wanga,

Alendo a ukwati onse apita, mapoto obwereka tabweza, ndipo iwe uli ku Area 25 kokatsanzikana ndi apongozi ako. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku Mzuzu ndi amuna ako a Chirwa, kukayamba banja lako. Ine ndakhala pakhonde pano ndi cholembera, chifukwa zimene ndikufuna kukuuza zimakana kutuluka pakamwa ukamandiyang'ana. Ndikulemba m'Chichewa popeza Chitumbuka chako ndikuchidziwa, ukamachiwerenga umapunthwa pa mzere uliwonse. Ku Mzuzuko akakuseka ndithu, koma zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Chikundivutitsa mtima ndi mabotolo atatu aja.

Dzulo pa chilangizo, alangizi atatha kukuuza zoti mwamuna ndi pamimba, apongozi ako anatulutsa m'chikwama mabotolo atatu a madzi oderako ngati tiyi wogonera, nawaika pamiyendo pako. Unamva zimene ananena, koma ndizilemba kuti uzionenso ndi maso. Anati, “Yotamu wangayu kuchipatala anamuuza kuti ali ndi mafuta m'magazi, akuti asiye nyama, achepetse thupi. Zimenezo ayi. Uzimupatsa masipuni awiri m'mawa, awiri madzulo, mafutawo azisungunuka okha, iye azidya monga mwamuna. Ndisadzamve kuti mwana wanga waonda m'manja mwako.” Amayi onse anawomba m'manja, iwe unagwada n'kulandira ndi manja awiri monga ndinakuphunzitsira. Botolo limodzi linali litadontha pachitsekerero, ndipo fungo lake linandipeza pamene ndinakhala: adyo, khungwa lonyowa, ndi kena kake kowawasa. Ndinalizindikira nthawi yomweyo. Koma pamaso pa asewere anga, pa tsiku la ukwati wa mwana wanga, ndikanati chiyani? Ndinawomba nawo m'manja.

Za matenda a amuna ako unandiuza kale, tsiku lija tinkasankha nsalu za ukwati mumsika. Unati dokotala anawapatsa mapiritsi a bipi, anawaletsa zamafuta, ndipo anati azibwera kudzayezetsa magazi. Ine ndinangoyankha kuti Mulungu alipo, n'kusintha nkhani. Ndinakulakwira pamenepo. Abambo ako anauzidwa mawu omwewo, ndipo botolo la fungo lomwelo linalowa m'nyumba muno lili m'manja mwanga. Iwe unali ku sekondale yogonera komweko, ndiye chimene ukudziwa n'chakuti mtima wawo unaima. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakusiya ukudziwa zokhazo. Lero umve zotsala, chifukwa moyo wa a Chirwa wagona pa zimene uchite ndi mabotolowo, ndipo sindikufuna kuti udzavale zakuda usanakwanitse zaka makumi atatu.

Abambo ako anandikwatira ali oonda ngati bango. Atapeza ntchito ya ukalaliki m'boma mimba inayamba kutuluka, ndipo ine ndinkayiona ngati satifiketi yanga. Amayi a kutchalitchi ankati, “NyaKumwenda amadziwa kusunga mwamuna,” ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Loweruka lililonse mang'ina, pakati pa sabata nyama ya nkhumba ya mafuta ake, m'mawa buledi wopaka majarini mochita kukhuthala ngati tikumata khoma. Akasiya kachidutswa m'mbale ndinkakwiya, ndinkati andinyoza. Palibe anandiuza kuti mwamuna ukhoza kumukonda mpaka kumutsekera mitsempha, ndipo wina akanayesa kundiuza ndikanamuthamangitsa ndi mthiko.

Chaka china anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, ndiye tinapita kuchipatala. Anawatenga magazi, tinabwereranso patapita masiku. Dokotala wake anali munthu wodekha. Anajambula paipi papepala, nati mitsempha ya magazi ili chonchi. Anati mafuta ena, amene iwo amawatcha kolesitulo, akachuluka amamatirira m'kati mwa paipiyo, njira imachepa, ndipo tsiku lina imatsekeka, kaya ya kumtima kaya ya kumutu. Anawapatsa mapiritsi, anawauza zoti azidya ndi zoti asiye, nati aziyenda pansi kuti thupi litsike. Abambo ako unkawadziwa, chimene auzidwa ndi munthu wa udindo ankachigwira ngati lamulo la khumi ndi chimodzi. Anasiya kukwera basi popita kuntchito, ankadya nyemba, usipa wowiritsa, bonongwe wopanda dontho la mafuta. Patatha miyezi itatu lamba anafuna mabowo atsopano, ndipo mathalauza tinakapereka kwa Che Yusufu, telala uja wa pakhonde la golosale, kuti awabweze m'chiuno. Tsiku lina abambo ako anafika akuseka, nati, “Amake Temwa, ndakwera chitunda cha kumlatho chija osapumira. Ndikumva kupepuka ngati mnyamata.” Anali akuchira, mwana wanga, ine ndikuona ndi maso angawa.

Koma ukumbukire zaka zake. Maliro a Edzi anali atayamba kuchuluka m'Kawale muno, sabata sinkatha osamva kulira mbali ina, ndipo aliyense amene ankapita ankayamba ndi kuonda. Dzina la matendawo sitinkalitchula, tinkangoti kaliwondewonde, kapena matenda omwewa. Munthu akangotsika thupi pang'ono, anthu ankayamba kumuwerengera miyezi. M'mawa wina ndinapita pampope, Nachisale wa nyumba yoyandikana nafe ija anandilonjera mokoma kuposa masiku onse. Anati, “Kodi abambo akunyumbako akupeza bwanji masiku ano? Tikungowaonera patali, kolala ya shati yawakulira.” Ndinamufotokozera za mafuta, za paipi, zonse. Iye anagwedeza mutu, nati, “Oo, mafuta. Chabwino, anzanga. Masiku ano matendawa ali ndi mayina ambirimbiri.” Amayi enawo anangoweramira m'zidebe zawo. Sabata yotsatira, pa tiyi wa amayi kutchalitchi, ndinaona kuti kapu imene ndinamwera ine anaiika payokha potsuka. Ine sindinafunse.

Choipa kuposa apa n'chakuti mawu a Nachisale anandilowa ine mwini. Ndiwo zopanda mafutazo ndinkaphika ndine, pepala la dokotala ndinalisunga ndine m'Baibulo, koma ndinayamba kudzifunsa ngati nyemba zokha zingaondetse munthu chotero. Ndinakumbukira maulendo awo a kuntchito, masiku atatu ku Kasungu, sabata ku Salima. Ndinayamba kupisa m'matumba a jekete, kununkhiza mashati ndisanachape, kuwayang'ana pakhosi ngati patuluka zotupa. Akatsokomola kamodzi mtima wanga unkadumpha. Tsiku lina tikudya ndinalephera kudzigwira, ndinafunsa kuti, “Kodi kuondaku n'kwa nyemba zokha?” Anaika pansi mbamu, nati, “Amake Temwa, ndiwo mumaphika ndinu.” Anasamba m'manja n'kutuluka panja. Mwamuna amene sanandichititsepo manyazi ngakhale tsiku limodzi ndinamuyesa wachiwerewere chifukwa cha mayi wa pampope. Iwe chikayiko chotere chikadzakufika, ndipo chidzafika ndithu, usadzanunkhize mashati ngati ine. Masiku ano malo oyezetsa magazi alipo. Udzawauze amuna ako maso ndi maso, mupite nonse awiri, mukamve, nkhani ithere pomwepo.

Kwa munthu wa mabotolo anandiperekeza ndi Nachisale yemweyo, amene mwadzidzidzi anasanduka wondimvera chisoni. Munthuyo anali ndi kachipinda ku Biwi kuseri kwa magalaja, chithunzi cha mtima chili pakhoma, iye atavala malaya oyera aatali, ndipo ankadzitcha dokotala. Anamvetsera nkhani yanga akugwedeza mutu, nati, “Madamu, achipatala amangodziwa kuletsa, ife timachiza. Awa ndi madzi ofinyidwa ku mitengo isanu ndi iwiri, amatsuka mitsempha mmene sopo amatsukira mbale ya mafuta. Bwana azidya chilichonse chimene mtima wawo wafuna, thupi libwerera, anthu atseka pakamwa. Shuwa.” Ndinafunsa kuti ndi mitengo yanji. Anaseka, nati chimenecho ndi chinsinsi cha agogo ake, akachiulula mankhwala asukuluka. Ataona kuti ndikukayikabe, anathira pang'ono m'kapu n'kumwa yekha ine ndikuona, mpaka kunyambita milomo. Ukudziwa mmene tinaleredwera, wokupatsa chakumwa akayamba walawa yekha ndiye kuti mulibe choipa, ndipo kukayikabe pamenepo n'kumunyoza. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinazindikira mochedwa kuti kulawa kumangosonyeza kuti si poizoni wogwetsa munthu tsiku lomwelo, sikusonyeza kuti mankhwalawo amachiza kanthu. Munthu wofuna kugulitsa akhoza kulawa ngakhale madzi a m'ngalande.

Usandimve molakwa, ine mitengo sindiinyoza. Nimu ndimamwa, adyo ndimathira m'ndiwo, chidede chili kuseri kwa bafa kuno ukuchidziwa. Kwathu ku Rumphi wokupatsa muzu ankakutengera pamtengo pake, n'kukuuza dzina lake ndi muyeso wake, ndipo ankakhala m'mudzi momwemo, moti zikalakwika ankadzakhala nawo pamaliro anthu akumuyang'ana. Uyu wa ku Biwi sankadziwa ngakhale dzina la abambo ako. Sanawaone, sanawagwire pamkono, sanawayeze magazi, koma masipuni oti amwe ankawadziwa. Munthu akakana kukuuza dzina la mtengo, Temwa, umukayikire, ngakhale atavala zoyera mpaka kumapazi. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa kamodzi n'kukhutira ndi kuseka kwa munthu, ndiye phulalo ndinakadyetsa mwamuna wanga.

Ndikutuluka anandiitananso, nati, “Chinthu chimodzi, madamu. Osasakaniza ndi mapiritsi achipatala, amamenyana m'thupi.” Nditafika kunyumba ndinatenga mapiritsi aja n'kuwaika pamwamba pa kabati. Abambo ako anakana. Anati, “Dokotala anati ndisasiye ngakhale tsiku limodzi. Zam'botolozi mwazitenga kuti?” Tinakangana masiku atatu. Ine ndinalira, ndinati, “Inu mumapita kuntchito, wotsala ndi anthu a m'dera lino ndine. Pampope ndikulephera kupita, kutchalitchi akundipatulira kapu. Mukufuna mwana wanu akabwera ku holide azimuloza zala?” Ndinakutchula iwe chifukwa ndinkadziwa kuti pamenepo sangalimbe. Kenaka anatambasula dzanja n'kulandira sipuni. Anagonja chifukwa ankatikonda, ndipo chimenechi chimandipweteka kuposa zonse. Mawa lake ndinaphika mang'ina.

Thupi linabwerera msanga, inde. Mathalauza aja ndinapita nawonso kwa Che Yusufu kuti awamasule. Anawatembenuza, anayang'ana ulusi wawo womwe, nati, “Amayi, awa ndinawabweza ndine miyezi yapitayi, munati adokotala alamula kuti abambo atsike. Kodi alamulanso kuti akwere?” Ndinawayankha mwachipongwe kuti ntchito yawo ndi kusoka. Anangoti, “Pepani amayi, ndangofunsa,” n'kupitiriza kupalasa makina awo. M'Kawale monse munthu mmodzi yekha ndi amene ananditsina khutu, ndipo ndinamubwezera mwano. Tsiku lokayezetsa litafika ndinati tipitirenji, munthu akuoneka bwino chonchi. Zoona zake ndinkaopa kuti dokotala andifunsa za mapiritsi. Nachisale anayambanso kudzapempha mchere kwathu, kapu yanga inabwerera pakati pa zinzake, ndipo ine ndinkayenda ngati mayi amene wapulumutsa banja lake.

Ukukumbukira holide imene unabwera n'kuwapeza atadzaza mpando wawo uja? Unati, “Adada, mwanenepa bwino,” iwo anangoseka. Masiku ena ndikatanganidwa ndinkakutuma iweyo kuti uwapatse sipuni, ndikukuuza kuti ndi mankhwala opatsa mphamvu. Ndikudziwa kuti ukawerenga kalata ino zimenezo zikubwerera, ndiye ndikukuuziratu kuti iwe ulibe mlandu. Unali mwana wotumidwa ndi mayi ake. Koma kuyambira mawa sipuni ili m'manja mwako monga mkazi wamkulu wa panyumba pake, ndipo sungadzanene kuti sunkadziwa. Asiye aonde, Temwa, ndikukupempha.

Patapita miyezi ingapo abambo ako anayamba kuima pa chitunda chija cha kumlatho, dzanja lili pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Ankati akumva ngati wina wawakhalira pachifuwa, ndipo mkono wamanzere ukuchita dzanzi. Ankapuma pang'ono n'kupitirira. M'malo mothamangira kuchipatala, ine ndinathamangira ku Biwi. Munthu uja sanadabwe n'komwe. Anati, “Musadandaule madamu, ndiye kuti mankhwala agwira. Amenewo ndi mafuta akusungunuka, akamachoka amapweteka. Onjezani sipuni imodzi.” Ndinaonjezera sipuni, ndipo ndinawauza abambo ako kuti apirire, akuchira. Uchenjere naye sing'anga amene nkhani iliyonse kwa iye ndi yabwino. Wodwala akanenepa akuti mankhwala agwira, akamva ululu akuti agwira, ndipo akafa akuti munachedwa kubwera. A Chirwa akadzangogwira pachifuwa kapena kudandaula dzanzi, usadzafunse mnansi, usadzati tione mawa. Udzasiye zovala m'madzi momwemo n'kupita nawo kuchipatala.

Tsiku limene anatisiya linali Loweruka, dzuwa lisanafike pamutu. Ndinawatuma ndine kubutchala, ndipo ndinawakumbutsa pakhomo kuti akasankhe ya mafuta, asakalole kupatsidwa minofu yokhayokha. Pobwerera anakhala pansi pakhonde la golosale, pafupi ndi makina a Che Yusufu, phukusi la nyama lili pamiyendo. Anthu ankayesa akupuma. Anadzandiitana ndi Che Yusufu omwewo, akuthamanga opanda nsapato, tepi ili m'khosi. Pamene tinkapeza galimoto n'kuti zonse zitatha. Wina wachifundo anatola phukusi lija n'kudzalisiya kukhitchini kwathu, ndipo ndinalipeza madzulo litadontheza magazi pa tebulo. Iwe tinakutumizira uthenga kusukulu woti abambo akudwala kwambiri, monga timachitira.

Maliro atatha ndinatenga botolo lotsala n'kupita nalo kwa dokotala uja wa kuchipatala. Analinunkhiza, analiyang'ana pawindo, nati, “Amayi, muno mukununkha adyo, mwina ndi makungwa ena, koma sindingakuuzeni kuti muli chiyani kapena mochuluka bwanji. Mitengo ina ikhoza kuthandiza ndithu, mankhwala ambiri amene timapereka anachokera ku zomera. Koma amayamba ayezedwa kaye, ndipo palibe mtengo umene ungafafanize nyama ya mafuta ya tsiku ndi tsiku. Mukanabwera nalo poyamba tikanakambirana. Nanga mapiritsi ankamwa?” Ndinayang'ana pansi. Sanandikalipire, anangotseka faelo. Mpaka lero sindidziwa ngati madzi aja anawapweteka paokha kapena anali madzi owawa chabe. Chimene ndikudziwa n'chakuti anandipatsa chilolezo chochita zimene mtima wanga wamantha unkafuna kale.

Dzulo anthu akudya ndinawafunsa asewere anga mochenjera kuti mankhwala abwino chonchi amawapeza kuti. Anati kuseri kwa msika wa kwawo ku Area 25 kuli dokotala wa zitsamba, wovala zoyera, wokhulupirika chifukwa amayamba walawa yekha. Akuti kale anali ku Biwi. Tsopano mabotolo ake ali ndi pepala losindikiza lojambulidwa mtima wofiira, koma ndinalitembenuza botolo uku ndi uku, dzina la mtengo palibe ngakhale limodzi. Apongozi ako sindikuwanenera zoipa ayi. Ndi mayi amene aperekeza anthu ambiri kumanda zaka zino, ndipo akuopa chimene ndinkaopa ine. Koma chikondi chawocho ndikuchidziwa, n'chofanana ndi changa chija, ndiye uchenjere nacho. Mabotolo atatuwa akatha adzatumiza ena pa basi. Ali ndi abale ku Mzuzu amene azidzabwera kudzacheza Lamlungu, maso ali m'chiuno mwa a Chirwa ndi m'mapoto mwako, ndipo lipoti lizifika ku Area 25 mwezi usanathe. Uziwalandira bwino, uziwapatsa tiyi, koma khitchini ndi yako.

Tsono tamvera. Usawabisire amuna ako kanthu, ndipo usadzawathirire chilichonse m'chakudya iwo osadziwa, ngakhale wakupatsayo atakhala mngelo. Mukangofika, musanamasule n'komwe katundu yense, uwauze zonsezi, ndipo pakamwa pakalemera uwapatse kalata ino awerenge okha. Mupeze chipatala, mupite nonse awiri botolo limodzi lili m'manja, ukaliike pa tebulo la dokotala n'kufunsa. Akakati lilibe vuto ukandilembere, ine ndidzavomera kuti ndine nkhalamba yokayikira zilizonse. Koma mapiritsi asadzakwere pamwamba pa kabati, tsiku loyezetsa lisadzadumphidwe, ndipo mafuta m'ndiwo uzithira ndi sipuni yaing'ono, osati kupendeketsa botolo mmene ndinakuphunzitsira ine uli mwana. Apongozi ako usakangane nawo. Akafunsa uzigwada bwinobwino n'kunena kuti, “Tikutsata zimene adokotala ananena, amayi.” Akakwiya undikankhire ine mlandu, unene kuti mayi ako ndi woumira, sanakuphunzitse kuphika. Ine mbiri yanga ndinaiteteza kale mokwanira, ndatopa nayo.

A Chirwa nawonso uziwayang'anitsitsa. Ndi munthu wabwino, ndawakonda, koma ndinawaona dzulo pa phwando mmene ankasankhira nyama, diso lawo limathamangira kumene kukunyezimira. Amuna otere amadya nyemba kunyumba mofatsa ngati a dikoni, masana n'kukaima pa chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya kuseri kwa ofesi. Akabwera milomo ikuwala usawakalipire ngati mwana, koma usanamizirenso kuti sunaone. Ukhale nawo pansi, uwauze za apongozi awo aamuna amene sanawaonepo, amene dzulo akanakhala pa mpando wa kutsogolo.

Akayamba kutsika thupi, ndipo atsika ngati mukuchita bwino, anthu ayamba kulankhula. Kwa iwe zidzawawa kuposa mmene zinandiwawira ine, chifukwa ndiwe mkwatibwi wachilendo wochokera ku Lilongwe, ndipo adzati matenda wabweretsa ndiwe. Adzakulonjera mokoma, adzakufunsa za abambo akunyumba ndi mawu otsika. Udzalira, udzafuna kuthamangira kubutchala kuti uwatseke pakamwa. Tsiku limenelo udzatulutse kalata ino, uiwerengenso, n'kukasankha nyemba. Asiye aonde, Temwa.

Chatsala chimodzi, chimene sindinauzepo ngakhale abusa. Tsiku la maliro, anthu atatha kuona nkhope, amayi a pampope aja anabwera kudzakhala nane m'nyumba. Nachisale anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti, “Limbani mtima, anzanga. Chimodzi chokha muthokoze, abambo apita ndi thupi lawo lonse. Taonani mmene adzazira bokosi. Palibe anganene kuti ndi matenda aja.” Enawo anavomereza kuti eya, apita mwaulemu. Ndipo ine, Temwa, mwamuna wanga ali m'bokosi pamaso panga, asanafike n'komwe zaka makumi asanu, ndinamva mtima wanga ukupepuka. Ndinawathokoza. Ndinati zikomo, ndipo ndinanena ndi mtima wonse. Chimenecho ndi chimene ndinasinthanitsa ndi moyo wa abambo ako, timawu tiwiri ta pamaliro, ndipo timawuto sitinathe ngakhale sabata. Pamene ndinkabwerera pampope n'kuti atayamba kale kunong'onezana za mwamuna wa nyumba ina.

Pita bwino, mwana wanga, Mulungu akutsogolere. Anthu akunene, akupatule, akuloze zala m'misewu ya ku Mzuzu, zonsezo mkazi amapirira mwamuna wake ali m'nyumba. Koma chipepeso chimene ndinalandira ine, iwe usadzachilandire.

Ndine mayi ako,
NyaKumwenda